Bulangete la Amayi Linafika ku College Park

Kalata iliyonse ya amayi yochokera kwathu ku Dedza inkathera pa mawu amodzimodzi: tumiza chithunzi tione ngati ukudya. Ndinali nditatha zaka ziwiri pa yunivesite ku College Park, m'zaka za m'ma 1980, osatumiza ngakhale chimodzi. Kumvano azimayi anzawo anali atayamba kunong'onezana kuti mwana wa uje zinamuvuta ku Amereka, ndipo amayi zinkawadya mumtima.

Tchuthi chachikulu chitafika, mzungu amene ndinkakhala naye chipinda chimodzi anati tipite kuchipululu cha ku Arizona tikagone m'tenti. Ndinamufunsa kuti talakwa chiyani. Iye anati kumeneko ndiye kusangalala. Mwana wa dokotala, wokulira pa kapeti, ankafuna kuyenda masiku anayi pa galimoto kuti akagone pansi. Ine ndinawerenga mabuku mpaka maso kufiira kuti ndisiye kugona pansi. Komabe ndinalola, poti anali ndi kamera.

Chipululucho n'chokongola, ndisaname, miyala yake yofiira ikuluikulu ngati matchalitchi. Koma kutentha kwake, kwa ku Nsanje kuchepa. Madzi tinkakatunga kutali, m'zigubu. Tsiku lachiwiri kachitofu kake ka gasi kanakana kuyaka, mnzangayo n'kungoti kakasi ndi kabuku ka malangizo m'manja. Ine ndinatola miyala itatu, n'kuika mafuwa, n'kusonkha moto ndi tinthambi touma, nyemba za m'chitini n'kutentha bwinobwino. Mzungu uja anachita kuwomba m'manja. Anati ndine katswiri, zimenezi ndizikaphunzitsa pa yunivesite. Anandijambula ndikuuzira moto, ndikusenza chigubu, ndikudzuka pa dothi mutu uli mbuu. Nane ndinayamba kudzimva, chifukwa kwathu palibe amene anandiyamikirapo kaamba kosonkha moto.

Titabwerera ndinatsukitsa zithunzi zija. Maso anga anali atasanduka achizungu: ndinkangoona miyala yofiira, osaona munthu wowonda wogwada pa mafuwa. Kuseri kwa chimodzi ndinalembako kuti, moyo wa ku Amereka ndi umenewu. Zithunzizo ndinakapatsira bambo ena achikulire akwathu okhala ku Alexandria, kufupi ndi College Park, ogwira ntchito ya boma, amene ankapita kumudzi.

Patatha mwezi anandiitanitsa kunyumba kwawo. Sanandilozere ndi mpando womwe.

"Iwe, sukulu yonseyi nzeru zake n'zimenezi?"

"Ndalakwanji, bambo?"

"Amayi ako ndawasiya akulira. Akuti anakuchotsa sukulu, ukugona kutchire. Ndawauza kuti ndi kampingi imeneyo, azungu amachita dala, amasiya nyumba yamagetsi kukavutika mwakufuna kwawo. Andiyankha kuti ndisawanamize, iwo si mwana."

Anati zithunzi zija amayi kumvano sanapite nazo, anazibisa pansi pa sutikesi.

Kenako bambowo analowa kuchipinda n'kutulukako ndi phukusi lokulunga m'chitenje. Munali bulangete lotuwa la mzere wofiira m'mphepete, limene ndinkalidziwa kuyambira ndili mwana. M'nyumba mwathu lolemera linali lokhalo, ndipo ankafunda ndi amayi. Ku Dedza inali nthawi ya chisanu chija chong'amba zidendene.

Ndinabwerera ku College Park phukusi lili pamwendo, thukuta lili kamukamu. M'kabati mwanga munali mabulangete atatu amene sindinkawafunda chifukwa cha kutentha. Mzungu uja analisisita la amayilo, n'kunena kuti ili ndiye lolimba, tidzapite nalo kuchipululu chaka chamawa.

Ndinavala suti ndi tayi, n'kutsegula firiji, n'kuima pambali pake kuti nkhuku ndi mkaka zioneke, ndipo ndinamuuza kuti ajambule. Chithunzicho ndinachiponya ku positi tsiku lomwe chinatsukidwa. Chinakafika mu Seputembala, chisanu chitatha, amayi atachigona chonse ndi chitenje chokha.