Zala za Sulekha ndi Timiyala ta m'Kapamba

Ndinali ndikusankha mpunga pakhonde pamene Omana, woyandikana naye nyumba, anasuzumira pampanda n'kundiuza kuti Sulekha walepheranso mayeso, ulendo wachiwiri, ndipo amalume ake amuponyera chikwama panja. Ati wakhala pokwerera basi kuyambira m'mawa, mabasi akungomudutsa.

Sulekha anali mwana wamasiye wa kuno kwathu ku Thodupuzha, wa zaka 17. Ine ndinali kale ndi ana atatu, bambo awo ali kuntchito ku Dubai. Pakamwa pena sindinkapafuna. Komabe ndinatula lichero n'kupita kukamutenga, ndikung'ung'udza njira yonse.

Kunyengerera sindikudziwa. Atalowa akulira, ndinamuikira lichero pamiyendo.

"Mabuku akukana, ndiye sankha mpunga. Misoziyo usagwetsemo, mchere ndithira ndekha."

Tsiku lomwelo mwana wanga Ambili anatafuna mwala, n'kunena kuti ndabweretsa munthu wodzatimaliza mano. Ndiye ndinamuphunzitsa Sulekha mmene anandiphunzitsira mayi anga. Timiyala tina n'toyera ngati mpunga womwewo, maso sangatione. Umayala mpungawo n'kuyendetsa nsonga za zala pang'onopang'ono mpaka kena kake kakugunde. Patatha mwezi palibe anatafunanso mwala m'nyumba muno.

Kenako anapeza ntchito yotsuka mabotolo m'labu ya chipatala china chachikulu ku Kochi. Ankawerenga m'basi, popita ndi pobwera. Mayeso aja anakhoza ulendo wachitatu, n'kuyamba kuphunzira ntchito ya m'labu, uku mabotolo akutsukabe. Omana akamuona ankati, "Afika adokotala a mabotolo." Sulekha ankangoseka n'kumufunsa za bondo limene linkamuvuta.

Lamlungu akakhala pakhomo ankandifotokozera za ntchito yake, ine ndili pamoto. Zimene ndinagwirapo ndi izi. Kuseri kwa chifu kuli kapamba. M'kati mwake mwamwazikana timagulu ta maselo tating'ono ngati mchenga, timene madokotala amati tizilumba. Ndi timeneti timapanga insulini yotsitsa shuga m'magazi. Kapamba akawonongeka moti n'kufunika kumuchotsa, alabu amasungunula mnofu wake ndi mankhwala n'kupulumutsa tizilumbato, madokotala n'kutithira m'chiwindi cha mwini wake kudzera mumtsempha. Tikakhazikika m'menemo timapitiriza ntchito. Ine ndinkati zabwino zimenezo, tsopano pala kokonati.

Sindinkadziwa kuti nkhaniyi idzalowa m'nyumba mwanga. Patatha zaka khumi ndi chimodzi chibwerereni Sulekha, Ambili, amene tsopano anali mphunzitsi, anali atawonda mpaka zibangili kumavuka zokha. M'mimba munkamupota moti ankagona atapinda mawondo, chakudya akuchiopa. Madokotala atamujambula anapeza kapamba atadzaza miyala. Mankhwala analephera, opaleshoni yoyamba inalephera. Chinatsala n'kuchotsa kapamba yense.

Dokotala wamkulu wa pachipatala pamene Sulekha ankagwira ntchito, a Tharakan, sanatibisire. Tizilumba tikapulumuka tambiri, Ambili akhoza kukhala ndi jakisoni wochepa kapena osabaya konse. Tikachepa, ndiye matenda a shuga ovuta moyo wake wonse, kubaya kanayi patsiku, mwinanso kumangokomoka patsogolo pa ana m'kalasi.

Poyamba adokotalawo sankafuna kuti Sulekha agwire nawo ntchitoyi. Ati manja a wachibale amanjenjemera. Sulekha anawayankha mwaulemu kuti palibe chibale chilichonse, Ambili ameneyu wakhala akumubera sopo ndi mafuta a tsitsi zaka khumi ndi chimodzi. Adokotala anaseka n'kulola.

Tsikulo kapamba anafika m'labu cha m'ma 10 koloko m'mawa, wolimba ngati chinangwa chouma. Ine ndinali pabenchi panja, sindinaone kanthu. Zotsatirazi anandiuza pambuyo pake ndi a Tharakan okha, chifukwa Sulekha sakamba za iye mwini.

Mankhwala osungunula aja amalowera m'kanjira kamene kamadutsa pakati pa kapamba. Miyala ikuluikulu anaichotsa, koma mankhwala ankangobwerera. Nthawi inkapita, ndipo tizilumba sitikhalitsa kunja kwa thupi. Adokotala anati basi, angomuduladula mmene alili, apeze zimene angapeze, ngakhale zichepe.

"Adokotala, ndipatseniko mphindi khumi ndi zisanu," anatero Sulekha. "Muli timiyala tina, sitikuoneka chabe."

"Ngati sitikuoneka, utipeza bwanji?"

Sulekha anatsinzina, n'kuyamba kuyendetsa nsonga za zala, zili m'magolovesi, motsatira kanjira kaja. Akamva kugunda ankatsegula maso n'kukoka ndi kachitsulo kopanira. Anatulutsa timiyala khumi ndi kamodzi, toyera ngati mnofu womwewo. Atabayanso mankhwala analowa, kapamba n'kufufuma mbali zonse. Masana, atathira utoto n'kuyang'ana pa maikulosikopu, tizilumba tinaoneka tofiira, tambiri kuposa mmene aliyense ankayembekezera. Dzuwa lisanalowe tinali m'chiwindi cha Ambili.

Sulekha anatuluka tsitsi lili m'chipewa cha pepala, n'kundiikira m'manja kabotolo kokhala ndi timiyala tija.

"Amayi, onani ngati ndasiyamo."

Ndinangomufunsa ngati wadya. Anali asanadye, ndipo ndinamukalipira.

Musaganize kuti zinayenda ngati mafuta. Ambili anagona m'chipatala milungu itatu, ndipo anabaya jakisoni miyezi isanu ndi itatu, tizilumba tikuzolowera malo atsopano. Jakisoniyo ankachepa mwezi ndi mwezi mpaka adokotala anati asiye. Mapiritsi othandiza kugaya chakudya amamwabe, amenewo ndi a moyo wonse. Koma akuphunzitsa, akudya nsomba ndi chinangwa ngati munthu, ndipo zibangili sizikuvukanso. Sopo uja akumuberabe Sulekha.

Lero Sulekha ndi amene amaphunzitsa atsopano m'labumo. Omana amauza aliyense kuti iye anadziwiratu kuti mwanayu adzapita patali. Ndimangomuyang'ana. Kabotolo kaja kali pashelefu, pafupi ndi chithunzi cha ukwati wanga, ndipo mlendo aliyense ndimamuonetsa, afune asafune.

Tsono inu amene mwalephera kawiri ndipo mwakhala pokwerera basi, nthawi yokusisitani pamsana ndilibe. Lirani pang'ono, kenako dzukani. Lembaninso mayesowo. Kantchito konyozeka kamene akuikirani pamiyendo lero kagwireni bwino, mpaka zala zikadziwe, chifukwa simukudziwa moyo wa ndani udzagona pa zala zimenezo. Ine sindinkadziwa kuti ndi wa mwana wanga. Mtima musautaye, muli nawo umodzi wokha.

Sulekha amati ndizigula mpunga wa m'mapaketi, ulibe miyala. Iyeyo adziwa za kapamba, za mpunga andisiyire ine. Iye ndi Ambili akubwera onse awiri kudzadya masana ano, ndipo lichero lili pano, ndangosankha theka. Naka kamwala kena kandigunda chala.