Tsiku Limene Anawagwira Manja Amayi

Ndinadzuka kusanache, tsaya litamatirira pa mphasa. Sindikudziwa kuti tulo tinandigwira nthawi yanji. M'nyumba mwathu ku Chileka munali mutadzaza azimayi, ena atagona chokhala, ena akukokabe nyimbo ndi mawu osasa. Panja azibambo anali atazungulira moto wa chitsa, akutsokomola ndi utsi. Pabalaza panali bokosi la abambo anga, ndipo pambali pake panakhala amayi, maso ali gwa, chikhatho chili pa thabwa.

Amayi anga sankamva ndipo sankalankhula chibadwire. Nyimbo zonse za usiku umenewo sanamveko ngakhale imodzi. Chimene chinkawafika ndi kunjenjemera kwa thabwalo azimayi akakweza mawu. Nditawayandikira anandiuza ndi manja kuti koloboyi akutha mafuta. Ndinathiramo palafini msanga, chifukwa kwa amayi mdima ndi kuwatseka pakamwa ndi m'makutu nthawi imodzi.

Abambo ankanyamula katundu pa bwalo la ndege. Kumeneko phokoso la injini limaphunzitsa aliyense kukodola ndi kuloza, ndiye atakumana ndi mtsikana wogulitsa nthochi kunja kwa mpanda amene sankayankha moni, iwo sanathawe ngati anyamata ena. Anaphunzira kulankhula naye ndi manja, ndipo mtsikanayo ndiye amayi anga. Pamene ine ndinkazindikira, abambo anali atasanduka pakamwa pa anthu onse osamva a dera lathu. Ankawaperekeza kuchipatala, ku milandu, ngakhale ku misonkhano ya chipani, kumene aliyense ankayenera kupezeka, womva ndi wosamva yemwe, khadi lili m'thumba. Lamulungu masana anthuwo ankasonkhana kuseri kwa nyumba yathu. Ena anali atapitako ku sukulu ya osamva, kumene masiku amenewo ankawaletsa manja kuti aphunzire kuwerenga milomo, ndiye akafika kwathu manjawo ankachita kuthamanga ngati mbuzi zotsekuliridwa mochedwa. Atcheyamani a chipani atafunsa kuti ndi msonkhano wanji umenewu wopanda mawu, abambo anati ndi bawo, ndipo anakagula bawo lenileni n'kumaliika pakati.

Buku lophunzirira kumasulira kunalibe. Abambo anali ndi njira zawozawo, ndipo ine, mwana wawo mmodzi yekha, ndinazilawa zonse. Madzulo ankatsegula wailesi pa nthawi ya mauthenga a maliro, poti wolengeza amalankhula pang'onopang'ono, iwo n'kudzitseka thonje m'makutu. Ine ndinkaima patsogolo pawo kumasulira imfa za anthu osawadziwa. Ndikamaliza ankachotsa thonje lija n'kunena zimene aona. "Ndiye wamwalira ndi mfumu kapena mlamu wa mfumu? Wapha munthu wamoyo iwe. Bwereza." Masiku ena ankatembenuza. Amayi ankafotokoza ndi manja za kumunda, ine n'kumanena mokweza, abambo atatifulatira, kenako ankawafunsa amayi ngati ndanena zawo kapena zanga. Zinkandipsetsa mtima. Anzanga akusewera fulaye, ine ndili kalikiliki kulengeza maliro a ku Nsanje. Lamulo lawo linali limodzi. "Ukaima pakati pa anthu awiri, iwe kulibe. Usawonjezere, usachotsere, usakometsere. Akatukwana, tukwana."

Kutacha kunabwera lole ya kuntchito kwawo. Mkamwini amakhala kwa mkazi koma amakagona kwawo, choncho ulendo unali wa ku Lirangwe. Kunja kunali kutatentha kale m'mawa momwemo, kutentha kuja kwa mvula yoyamba isanagwe, minda ili yokonza ikungodikira. Tikudutsa pafupi ndi bwalo, ndege ina inali kunyamuka. Amayi anaimva m'chifuwa, anatukula mutu n'kuitsata ndi maso mpaka inabisika. M'njira apanjinga ankatsika, azibambo n'kuvula zipewa. Pa msika wa Lirangwe, anyamata a chipani amene ankaona makhadi pa chipata anatipatukira okha osafunsa kanthu.

Kumudzi tinapeza atayala kale masamba pa msewu. Kuseri kwa nyumba kunali utsi wokhawokha, migolo ya nyemba ili pamoto, mbuzi ya adzukulu itapachikidwa pa mtengo, azimayi awiri akukanganirana chipande ngati palibe wamwalira. Anthu ankafika m'magulumagulu, kulira kumayambira pa mphambano n'kutha akapeza pokhala. Sitima ya ku Limbe itadutsa, anafika anthu athu a Lamulungu aja, atavala majekete awo akutchalitchi. Anakaima pansi pa mlambe paokha. Ana anawazungulira kuonerera manja, akuluakulu nawonso kumayang'ana cham'mbali.

Amene anawalandira amayi ndi azakhali, alongo awo a abambo. Anali munthu wabwino, ndinene zoona, ndipo zonse zimene anachita tsiku limenelo anazichita chifukwa cha chifundo. N'chimene chimandiwawa mpaka lero. Anawakhazika amayi pa ngodya ya chipinda chamkati n'kuwafunditsa chitenje kumutu, monga amachitira ndi namfedwa aliyense. Ine anandipereka kwa asuweni anga chipinda china. "Iwenso ndiwe wofedwa lero," anatero. "Za manjazo uzisiye kaye. Lira bambo ako."

Nthawi yoona nkhope itakwana anatsegula kachitseko ka kumutu kwa bokosi kokha. Anthu anadutsa pamzere. Potsiriza anabweretsa amayi, azakhali atagwira mkono wamanja, mayi wina wa kumpingo wamanzere, kuti namfedwa asagwe. Amayi anayang'ana nkhope ija pang'ono chabe, kenako anayamba kudzikokera chapakati pa bokosi. "Gwirani zolimba, angadzigwetse," anatero azakhali, ndipo anawakokera kunja. Ine ndinali pambuyo, nanenso asuweni awiri atandigwira mikono. Ndinaona zala za amayi pansi pa chigongono cha azakhali zikutseguka ndi kutsekeka, zikulephera kumaliza mawu. Anthu ankaona mayi wosweka mtima ndi chisoni. Ine ndinkaona munthu akulankhula atamugwira pakamwa. Adzukulu atayamba kukhoma misomali ya kachitseko kaja, thupi la amayi linkadzidzimuka pa hamala iliyonse, poti ankaimvera m'mapazi.

Mwambo wa panja unatalika. Analankhula oimira banja, oimira amfumu, kenako atcheyamani, amene anayamba ndi kuthokoza boma chifukwa cha bata ndi mtendere asanatchule n'komwe dzina la malemu, n'kumalizira abusa. Onse anayamikira abambo kuti anali pakamwa pa osalankhula. Osalankhulawo anali chiimire pansi pa mlambe, osatolapo kanthu. Bambo wina mwa iwo anandipeza ndi maso pakati pa khamu, n'kutukula dzanja kufunsa kuti akuti chiyani. Ndinangomuyang'ana, mikono yanga ili m'manja mwa eni ake. Manyazi amene ndinamva nthawi imeneyo sindinawamvepo kwina kulikonse. Chakumadzulo, mbali ya ku Shire, mitambo inali itada bii.

Tinanyamuka mphepo itayamba. Adzukulu ankalandirana bokosi mothamanga, fumbi likulowa m'maso, nyimbo ikuduka ndi kuyambanso. Manda a kumeneko ali m'kankhalango, ndipo azimayi amakhala pansi m'mphepete, azibambo n'kuyandikira dzenje. Pokhala pansipo mphepo inaulutsa mpango wa azakhali, iwo n'kusiya mkono wa amayi kuti augwire. Dzanja la amayi linamasuka. Sanayang'ane bokosi, anayang'ana ine, ndipo ndi dzanja limodzilo anandiuza kuti ndiimirire, ndilankhule.

Mwana wamkazi salankhula ku manda, makamaka kumudzi kwa bambo ake kumene iye ndi mlendo. Ndinkadziwa zimenezo bwinobwino. Zingwe zinali zitalowa kale pansi pa bokosi. Ndinadzisolola kwa asuweni aja n'kukaima pamalo pamene abambo ankaima nthawi zonse, patsogolo pang'ono pa amayi, cham'mbali, poonekera manja. Amayi anachotsa chitenje kumutu, anakutumula mkono winawo, n'kuyamba.

"Ndikufuna ndione manja a amuna anga," ndinatero, mawu a amayi akutulukira pakamwa panga.

Nyimbo inaduka. Abambo aang'ono, amene ankayendetsa mwambo, anatembenuka. "Iwe mwana, wayamba liti zimenezi? Takhala pansi. Mvula iyi sukuiona?" Ndinatembenukira kwa amayi n'kuwapatsa mawuwo monga analili, ndi tsinya lake lomwe.

"Akulankhula ndine, alamu, si mwanayu," anatero amayi, ine ndikunena mokweza. "Inu nonse mwatsanzikana nawo, poti mumawadziwira pa nkhope ndi pa mawu. Ine mawu awo sindinawamvepo. Zonse zimene anandiuza chikwatiranireni anandiuza ndi manja, ndipo manjawo mwawakhomera ndisanawaone. Kunyumba kuja ndimati ndinene, munandigwira."

Ndinkalakalaka kufewetsa pomalizira paja, chifukwa azakhali anali pomwepo, koma sindinafewetse. Mabingu ankamveka patali. Ku manda mawu omaliza si a banja, ndi a mkulu wa adzukulu, ndipo onse anayang'ana iye, bambo wamfupi wa dothi mpaka m'mawondo. "Bokosi likafika kuno sititsegula," anatero. "Chibadwire sindinaonepo." Ndinawauza amayi. Iwo anangotambasula zikhatho zawo zonse ziwiri n'kuima choncho. Bamboyo anawayang'ana nthawi yaitali. "Komanso wolira ndi manja sindinamuonepo," anatero. "Azimayi, tabweretsani zitenje."

Anatchinga bokosi ndi zitenje mbali zonse, azimayi atagwira m'makona, nkhope atayang'anitsa kunja. Mkati tinalowamo anayi, mdzukulu uja, amayi, azakhali ndi ine. Misomali inatuluka ikulira. Atatsegula nsalu ya pachifuwa, tinapeza kuti osambitsa maliro anali atamanga manja a abambo pamodzi ndi kansalu koyera, monga amachitira ndi wina aliyense. Azakhali anagwira pakamwa. "Mayo ine, achimwene," ananong'ona. Zala za amayi zinkalimbana ndi mfundo ija osaitha, ndipo azakhali ndi amene anagwada pa dothi n'kuimasula.

Kenako amayi analankhula ndi amuna awo. Anawerama, manja ali pafupi ndi chifuwa, mawu ake ang'onoang'ono, ofulumira, ena akuthera pa zala za abambo zenizenizo. Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndimasulire. Sindinazindikirepo ngakhale limodzi. Ine amene ndinkadzitama kuti chinenero cha amayi ndinachiyamwira ku bere, ndinaima pamenepo ngati ana aja a pa mlambe. Sanali mawu a pa wailesi, sanali a anthu a Lamulungu, sanali a m'nyumba mwathu amene ndinakula nawo. Azakhali anandikoka chitenje. "Akuti chiyani?" Ndinati, "Sindikudziwa, azakhali." Madontho oyamba anagwera pa nsalu yoyera ija. Amayi anawongola manja a abambo, lina uku lina uku, zikhatho zili zotsegula, n'kugwedezera mutu mdzukulu uja kuti atseke.

Tinaika maliro mvula ikugwa. Fungo la dothi louma likalawa madzi linadzaza manda onse. Pemphero lomaliza ndinalimasulira nditaima pa mulu wa dothi, madzi akutsika m'zigongono, anthu a pa mlambe aja atabwera kutsogolo. Palibe anandiuzanso kuti ndikhale pansi.

Pofika madzulo anthu anali atabalalika, aliyense akuganiza za kubzala m'mawa mwake. M'nyumba munatsala mphasa zonyowa, mbale zosatsuka ndi beseni lolandira madzi odontha padenga. Azakhali anagona tulo osavula. Ine ndi amayi tinakhala pakhomo, pamene kuwala kunali kusanathe. Mawu amodzi mwa a ku manda aja anali atandikanirira m'maso, chala chachikulu kukhudza pamene pamagunda mtsempha wa dzanja linalo, kenako chikhatho kutembenuka pang'onopang'ono. Ndinawachita, n'kufunsa tanthauzo lake. Amayi, mwa chizolowezi, anandikonza chala. Ndinabwereza. Anandikonzanso. Kachitatu anatuluka bwinobwino, ndipo nkhope ya amayi inasintha ngati munthu amene waona wina ataima pakhomo. Anayang'ana kuseri kwa phewa langa, kumene kunalibe munthu.

Anagwira manja anga onse awiri n'kuwatsitsira pamiyendo panga. Kenako anachotsa dzanja limodzi n'kundiuza pang'onopang'ono kuti amenewo si anga, anali a iwo awiri, ndisadzawachitenso.

Sindinawachitenso. Ndaphunzitsa anthu ambiri kumasulira chichokereni tsiku limenelo, ndipo mawu aliwonse amene ndimawadziwa ndinawagawa, kupatula amenewo. Zala zanga zimawakumbukirabe, tanthauzo lake sindilidziwa, ndipo wondiuza kulibenso. Madzulo amenewo tinakhala pakhomopo mpaka sitinkaonananso nkhope, madzi akudontha m'beseni, dzanja la amayi lili pamwamba pa anga.