Padi Yoluma ya kwa a Jailosi

Ndikukumbukira bwinobwino mmene inandilumira koyamba. Sikunali kupweteka kwenikweni ayi, kunali ngati nyerere zalowa m'zikhatho n'kumakwera m'mikono mpaka m'zigongono, mano n'kuchita dzanzi ngati ndatafuna mango osapsa. Ndinaiponya pabenchi padi ija. A Jailosi, eni ake a gemu, anangoseka ali pakhomo.

"Iwe, usandiswere katundu. Imatero imeneyo. Chilombo chikakumenya mu gemumo, nawenso uyenera kumva."

Ndinakhulupirira. Ndikanatsutsa ndi chiyani ine, mwana wa Sitandade 5, kwathu tikuunikira koloboyi?

Kanyumba ka gemu kanali kuseri kwa msika wa pa Boma, kamalata, pansi pake simenti yong'ambika. Mayi ankagulitsa kalongonda ndi makaka pamsikapo, ndipo masiku amene kulibe sukulu ine ndi mlongo wanga wamng'ono, Layisoni, tinkawasenzera malichero. Yolipirira gemu tinalibe. Koma a Jailosi anali ndi dongosolo lawo: ana a kumudzi akatunga madzi kumjigo n'kukolopa m'kanyumbamo m'mawa, azisewerako pang'ono olipira asanafike. Ndiye tinkakolopa mothamanga, maso ali pa sikirini, tikangomaliza n'kukhala pabenchi simenti isanaume, mapazi osavala ali pachinyezipo. Munkanunkha sopo ndi fumbi lotentha la m'kompyuta, ndipo kwa ine fungo limenelo linali la kutauni.

Padi, kwa amene simunaigwirepo, ndi kachida ka mabatani kamene umagwira ndi manja awiri poyendetsa munthu wa mu gemu. Inalipo imodzi yokha, yokalamba. Kandodo kake koyendetsera kanathothoka, a Jailosi n'kukhomerapo sikuluwu yachitsulo, ndipo nthambo yake inali yolumikiza pamanja, mawaya ali pamtunda.

Gemu yake inali ya munthu wolowa m'mapanga kukamenyana ndi zilombo. Ukapha chilombo umapata mapointi, ndipo umasankha wekha kowaika: kumphamvu ya mkono, kuliwiro, kumatsenga oponya moto, kapena kukulimba kwa thupi. Anyamata a pa Boma, ana a aphunzitsi ndi a m'maofesi, ankabwera masana atavala nsapato zawo, pansi patauma kale. Iwo ankapanga anthu othamanga, a mipeni iwiri, odumpha ngati gwape, ndipo ankati padi imangonjenjemera pang'ono, mokoma. Tikawauza kuti ife imatiluma, ankagwa nako kuseka. Ati munthu wathu ngwofooka, n'chifukwa chake tikumva kuwawa.

Ine ndi Layisoni tinali ndi munthu mmodzi wa tonse awiri. Tinapangana kuti pointi iliyonse ipite kukulimba kwa thupi, basi. Tinamuveka chipewa chachitsulo, malaya achitsulo, chishango chachikulu ngati chitseko cha tchalitchi. Kuliwiro sitinaikeko kanthu. Ankayenda ngati ng'ombe yokoka ngolo m'matope, mpaka anyamata aja anamutcha Kamba, ife n'kulivomera dzinalo. Chilombo chimodzi ankalimbana nacho mpaka kutopetsa oonerera, koma kufa ayi, samafa. Tinkamukamba popalira chinangwa, tinkamukamba popita kumjigo. Layisoni anavutikira masabata kuti amupezere nsapato zachitsulo za m'phanga lina lakuya. Tangoganizani. Kamba anavala nsapato, ife eni ake tili chosavala.

Padi sinasiye kuluma. Ndinayamba kuona kuti imaluma ngakhale Kamba atangoima chilili pamudzi wa mu gemumo, pomwe palibe chilombo n'chimodzi chomwe. Nditawauza a Jailosi, anati ndiye kuti ali ndi poizoni m'thupi, tiwonjezere mapointi. Ndinaonanso kuti iwo savula jombo m'kanyumbamo, ngakhale mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Ndipo tsiku lina kamwana kawo kakakazi katalirira gemu, anakanyamula, kukakhazika pabenchi, kuika thabwa louma kunsi kwa mapazi ake, sikuluwu ija n'kuikulunga ndi jumbo ya pulasitiki. Ndinaona ndi maso angawa. Ndinangoti ndi mmene olemera amasasatitsira ana awo. Pamenepa ndi pamene pamandiwawa mpaka lero. Munthu uja ankadziwa. Wake ankamuikira thabwa, ife ankatipatsa ndowa ya madzi.

Tsiku lake, mvula inali itatsika kuphiri la Michesi kuyambira dzulo lake, denga likudontha, madzi atadikha pakona pomwe panali zolumikizira magetsi. Sitinatunge n'komwe, tinangokankhira madziwo kunja. Inali nthawi ya Layisoni, ndipo Kamba anali atafika pa chilombo chachikulu chimene chinawakanika ngakhale anyamata a nsapato. Ine ndinaima kumbuyo kwake ndikumuuza kuti akweze chishango. Kenako ndinamva kaphokoso kukhosi kwake, ngati mbuzi yokoledwa ndi chingwe. Ndinayesa akuchita nthabwala. Ndiye ndinaona msana wapindikira kumbuyo, zala zakanirira papadi, pakamwa pali yasa koma mawu osatuluka, pa sikirini Kamba akungoyenda kugunda khoma, kugunda khoma. Ndinamugwira malaya. China chake chinandimenya pachifuwa ngati mpini wa khasu, tonse awiri tinagwa chagada pamodzi ndi benchi, nthambo n'kuduka. Munamveka fungo la nthenga zowauka.

A Jailosi atalowa, choyamba kutola chinali padi.

Layisoni anamutengera kuchipatala wakabaza wina amene anamva kulira kwanga, mayi akuthamanga pambuyo, lichero la kalongonda atalisiya pamsika. Anatsitsimuka. Koma madzulo ake mayi atapita kukafunsa, a Jailosi anayankha anthu akumva.

"Mayi, ana anuwa amagwira zinthu ndi manja onyowa. Ana a kumudzi zamagetsi sazidziwa. Ine ndimangowachitira chifundo, taonani andiwonongera padi."

Mayi anga, munthu wamkulu, mwana wawo ali chigonere ndi dzanja lakupsa, anagwada n'kunena kuti pepani bambo, tikawalangiza. Ine ndinakwapulidwa chifukwa ndinali wamkulu. Za jombo ndi thabwa ndinanena, koma ndani akanamvera mwana wamkazi wopezeka m'nyumba ya gemu? Sabata isanathe nthambo anaimata selotepi, anyamata a nsapato n'kumasewera, ana ena a kumudzi n'kumakolopa. Layisoni pachikhatho ali ndi chipsera chonga batani, ndipo zala ziwiri sizitambasuka. Pano amapalasa kabaza, buleki amagwira ndi dzanja lamanzere.

Lero ndili ndi anga awiri, Pemphero amene wayamba kumene sukulu ndi Tadala wa kumsana. Zinthu zinasintha, magemu ali paliponse, mpaka m'mafoni. Mwezi wathawu mnyamata wina watsegula kanyumba kake pafupi ndi kwathu. Tsiku lina Pemphero anabwera akudumphadumpha, ati amayi, kuja kuli padi, chilombo chikakumenya imanjenjemera m'manja. Ndinayang'ana mapazi ake, anali osavala, kunja kukuwaza kamvula. Mbale ndinazisiya m'beseni, Tadala kumsana, Pemphero ndamugwira pamkono, ulendo.

Nditafika ndinamutsitsa Tadala n'kumupatsa Pemphero panja. Ndinavula patapata, ndinaponda simenti, n'kugwira mapadi onse imodziimodzi, mabatani onse, kunsi ndi kumwamba. Ana anasiya kusewera n'kumandiyang'ana. Mwini wake anaseka.

"Mami, izi zilibe nthambo, zimayendera batire. Sizingagwire shoko."

"Zikomo achimwene. Tavulani nsapatozo mugwire inuyo."

"Aa, mami, zoona?"

"Vulani. Mugwirenso chibokosicho, ndi pomwe mumatchajira."

Anandiyang'ana, anaona kuti sindikuseka. Anavula, anagwira zonse, mpaka kukweza manja kundionetsa. Mwina ndi mnyamata wabwino, kaya. A Jailosi nawonso ankapereka moni bwino.

Mawa lake ndinagulitsa nandolo amene ndinasungira mbewu, n'kumugulira Pemphero nsapato za labala. Yunifolomu idikire. Ndinamuuza kuti popanda nsapato kumeneko sapondako, kukagwa mvula sapondako, ndipo munthu akadzamuuza kuti kolopa usewere ulere, athawe adzandiuze. Ndinamutengeranso kwa amalume ake kuti aone chikhatho chija, achigwire.

Akamasewera ndimakhala pakhomo, Tadala ali pamiyendo. Anyamata anandipatsa kale dzina, ati alonda. Aziseka. Pemphero wapanga munthu wake wothamanga, wa uta ndi mivi, amandiitana kuti amayi taonani, ine n'kumavomera kuti eya, ndaona. Koma sikirini sindiiyang'ana. Ndimayang'ana mapazi a mwini wake. Tsiku limene ndidzamuone atavala jombo m'nyumba, ana anga ndidzawatulutsa gemu ili pakati.