Gawo la nsadzu

Amalume anali ndi kachitini kophwanyika pakamwa, konunkhira utsi ndi phula, kamene ankafuliramo uchi m'phiri la kwathu ku Ntchisi. Chaka chimene ndinali mu Sitandade 3, mitengo itayamba kuphukira masamba ofiira, anandilola kuwatsatira. Amayi anadandaula kuti mtsikana sayenda m'thengo, koma ine makani ndinabadwa nawo.

Wotitsogolera anali nsadzu, kambalame kotuwa kosaoneka bwino n'komwe. Kankalira patsogolo pathu, amalume n'kumayankha ndi likhweru, mpaka tinafika pamtengo wamphako pomwe njuchi zinkalowa. Iwo sankagwetsa mtengo ayi. Ankafukiza utsi, kuchotsa zisa zochepa, n'kutsekanso mphakoyo ndi mwala kuti njuchi zisasamuke. Kenaka ankaika chisa chimodzi pamwala, gawo la nsadzu. Ankati ukam'mana, ulendo wina amakulondolera panjoka.

Tsiku lina anandituma ine kuti ndikaike. Abale inu, chisacho chinkachita kudontha! Ndinayamba n'kunyambita chala, kenaka pangodya, posakhalitsa ndinangotsala ndi phula m'kamwa. Dyera limenelo ndidakali nalo, ana anga angachitire umboni.

Madzulo zakudya sizinalowe. Ndinkangoona m'maganizo amalume atalumidwa ndi njoka chifukwa cha ine, ndipo ndinaulula kwa amayi ndikulira. Amalume anaseka mpaka kutsokomola, koma m'mawa mwake anandipatsa chisa china kuti ndikapepese ndekha kwa nsadzu. Ndinakagwada pamwala paja n'kuomba m'manja ngati kwa munthu wamkulu, nyani ali pathanthwe akundiyang'ana.

Panapita masiku atatu nsadzu osabwera, ndipo amalume anasiya kuseka. Tsiku lachinayi tinamva kulira kuja pamsuku wa kuseri kwa khola. Ndinavina, kwinaku ndikuwachenjeza kuti aziyang'ana pansi poyenda.

"Njoka si kanthu, mwana iwe," anatero. "Choopsa n'chakuti asiye kutiitana."

Ndinaona ngati akucheza chabe. Patapita zaka, mbali ina ya phiri lija anthu anaotcha makala, ndipo lero ndimathandiza amayi anzanga a kutchalitchi kusamala mitengo yotsalayo. Chaka chatha ndinakwerako ndi ana anga, ndinaimba likhweru mpaka milomo kuuma, sipanayankhe kanthu. Ndili mwana muja, ine ndinkangodziwa kuopa njoka. Zoti mbalame ingathe kuchoka osabweranso sindinkazimvetsa.