Ndinasinthanitsa mphatso ya malipiro oyamba a mwana wanga

Imvi zayamba kale kundimera, koma ndinadana ndi mwana wanga chifukwa cha gemu. Inde, gemu ya pa TV. Sekani, nanenso ndikanaseka zikanakhala za wina.

Ndili ndi kashedi pa Dwangwa pomwe achinyamata amadzasewera mpira wa pa TV. Makina a magemuwa amapangidwa ndi makampani opikisana, ndipo ine ndinasankha mbali yanga ndili mnyamata. Yoyamba, yachiwiri, yachitatu, zonse ndagwira za kampani imodzi. Kutsidya kwa msewu kuli Saidi, mnzanga wa ku pulayimale, amene amagwiritsa ntchito za kampani ina, zachizindikiro chobiriwira. Zaka zonsezi takhala tikunyozana. Ndinkati makina ake ndi njerwa yamagetsi, mpaka ndinalumbira pamaso pa makasitomala kuti chobiriwira sichidzalowa m'shedi mwanga ine ndili moyo.

Mwana wanga Yamikani anaphunzira kugwira padi, kowongolera gemu kaja, atakhala pamiyendo panga. Atapeza ntchito ku Lilongwe anachita zomwe mwana woleredwa bwino amachita kwathu kuno: malipiro oyamba amaonekera kwa makolo. Mayi ake anawagulira zitenje. Ine ananditumizira katoni pa minibasi. Kutsegula, chizindikiro chobiriwira chija! Anyamata a m'shedi anafa nalo phwete, wina n'kuthamanga kukauza Saidi.

Ndinapsa mtima koopsa. Ndinamuimbira foni Yamikani, osati kuthokoza, koma kumufunsa ngati wayamba kundiyesa chidole. Anayesa kufotokoza kuti iye ndi anzake akusewera imeneyo masiku ano, ndipo ndi yatsopano kuposa zanga zonse. Ndinadula foni. Mkazi wanga anandichenjeza kuti mphatso ya malipiro oyamba sakana, ngakhale itakhala nsapato yothina; umalandira ndi manja awiri n'kumudalitsa mwanayo. Ndinamuyankha kuti za magemu azisiyira eni ake.

Sabata yomweyo ndinakaipereka kwa Saidi, iye n'kundipatsa yakale ya mtundu wanga yomwe inkangokhala pansi pa tebulo lake. Yatsopano kusinthanitsa ndi yakutha, inu owerenga, ine n'kumayenda monyada ngati ndawina chikho.

Pa Khirisimasi Yamikani anabwera. Titachoka ku tchalitchi anandiperekeza kushedi, natulutsa m'chikwama padi yachiwiri, yatsopano, kuti tiyese makina aja. Ndinasowa poyang'ana. Mmodzi wa makasitomala anangoloza kutsidya. Yamikani anawoloka msewu, ine pambuyo. Pa TV ya Saidi pankaoneka mayina awiri a osewera omwe mwana wanga analemberatu asanatumize: "Adada" ndi "Yami". Anyamata ankalimbirana kusewera ndi dzina langalo.

Yamikani sanakalipe. Anangoika padi ija patebulo la Saidi.

"Tengani ndi iyi, amalume," anatero. "Ndimati ndidzasewera ndi adada, koma ali ndi timu yawo."

M'mawa mwake anakwera minibasi. Mpaka lero amaimbira mayi ake, ine moni wanga umadzera mwa iwo. Yakale ndinasinthanitsa ija sinachedwe kufa. Ndinadzichepetsa kukapempha Saidi kuti andibwezere yatsopano ija, iye anandikumbutsa kuti ndinalumbira ndekha, komanso makasitomala ake aizolowera. Chimandinyansa kwambiri n'chakuti kampani yomwe ndinkaimenyera nkhondoyo sidziwa n'komwe kuti Dwangwa ili kuti.

Inu owerenga, mwana akakupatsani chinthu musayambe ndi kuyang'ana chizindikiro cha pakatoni. Landirani, thokozani, zokonda zanuzo mudzanena tsiku lina. Ine tsiku lililonse ndikatsegula shedi ndimamva anyamata kutsidya akukuwa kuti Adada agoletsa, pomwe ine padi yakeyo sindinaigwirepo.