Bambo tinakawalirira kumtsinje

Ndinadzidzimuka kunja kukadali mdima. Ndinali nditangowodzera pang'ono pamkeka, msana uli kukhoma la nyumba ya siwa, ndipo choyamba chimene ndinayang'ana sichinali bokosi la bambo iyayi. Ndinayang'ana pachifuwa pa amayi. Anali pampando wa ndalema wa malemuwo, chifukwa chichokereni kuchipatala sankathanso kugona pansi. Akatero mpweya unkawathawa. Chitenje chimene ndinawafunditsa chinkakwera ndi kutsika. Ndinati zikomo Ambuye, tsikuli layamba ali moyo, kaya likatha bwanji.

Panja amuna ankawotha moto atadzikuta m'majekete. Inali nthawi ya chisanu, chiperoni chikuwaza pang'onopang'ono. Akwaya anali ataimba usiku wonse, koma motsitsa, moti munthu wodutsa pamsewu sakanadziwa kuti pakhomopo pagona mtembo.

Korona inawagwira onse awiri nthawi imodzi. Bambo ndiwo anayamba kuchira, chifuwa chinaleka, tinawaphera nkhuku ndi kuthokoza Mulungu. Masabata angapo atadutsa anatsikira kudimba kwawo ku Rivirivi kukathirira mpiru, ndipo anthu anakawapeza atagwa pambali pa chitsime, dzanja lili pachifuwa. Sanafike nako kuchipatala.

Adokotala a ku Balaka, amene ankaonanso amayi, anatikhazika pansi ine ndi achimwene anga. Anati matendawa ife tinkangowadziwa ngati a chifuwa, koma kwa munthu wachikulire amatha kufika kumtima n'kusiyako bala losaoneka, chifuwacho chitapola kale. Anati amene amapwetekeka msanga ndi okalamba, a bipi, a shuga, onenepa kwambiri, a impso zofooka, amene anasuta fodya zaka zambiri, ndi amene mtima unkawavuta kale. Ine ndinkangomva ngati akutchula bambo. Bipi anali nayo, shuga anali nayo, chingambwe anachisiya imvi zitamera. Kenaka adokotala anati zambiri mwa zimenezi amayi alinso nazo, ndipo miyendo yotupayo ndi befu akuchitayo ndi mtima umene ukudandaula. Anati mankhwala asadumphitse, asayende mtunda, asadzidzimuke, ndipo kulira kodzigwetsa pansi kuja tikuletse.

Nanga maliro akwathu mumawadziwa. Gulu lililonse la amayi limayambira kulira kumsewu, kulowa nako m'nyumba, ndipo namfedwa amayenera kulilandira ndi kulira kwake. Tsiku loyamba anansi atalowa, amayi analira mpaka milomo inada, maso anatembenuka, tinachita kuwakupiza ndi lichero. Pamenepo tinagwirizana ndi achimwene kuti pakhomo pano pasamvekenso mfuu, tingaike anthu awiri sabata imodzi. Anansi sanavute chifukwa anaona ndi maso awo. Amene ankandisowetsa tulo anali abale a bambo ochokera kunyanja ya Chiuta, amene tinkawayembekezera m'mawa umenewo.

Ntchito yowaletsa anandipatsa ine. Abale inu, ine! Ku Ntaja kumene ndimagulitsa matemba, ndikaitana wogula pamsika a kabaza amamvera kusiteji. Pamaliro a eni ake ndimalira mpaka alendo kufunsa ngati ndine mwana wa malemu. Achimwene anati popeza phokoso ndi langa, ndine ndingadziwe potsekera pake. Tsiku lina ndikanawayankha zoti sakanaiwala, koma tsiku limenelo ndinangovomera.

Kutayera, moto wophikira unayaka kuseri kwa nyumba. Utsi sunkakwera chifukwa cha chinyezi, unkangoyandama m'mitu ya anthu. Amayi ena ankasankha nandolo, ena ankasenda maungu, anyamata anaika masamba pamsewu ndi zidebe za madzi ndi sopo polowera. Ndinawamwetsa amayi mankhwala awo ndi phala pang'ono. Ndili mkati mopukuta pakamwa pawo ndinamva lole ikubwera chapatali, ndipo pamwamba pa kulira kwa injini panali kulira kwa anthu.

Ndinathamanga osavala ndi nsapato zomwe. Lole ndinakumana nayo pamlambe waukulu, patali ndithu ndi nyumba, ndipo ndinagwada pakati pamsewu. Woyamba kutsika anali azakhali, alongo awo aakulu a bambo, munthu wamfupi wouma thupi amene anawalera bambo makolo awo atamwalira. Anthu amenewa anali atalolera kale chinthu chachikulu. Mwa mwambo mtembo ukanapita kwawo kunyanja, koma anavomera kuti bambo aikidwe kuchikamwini kuno chifukwa amayi sakanatha ulendowo. Tsopano ine ndinali kuwapempha kuti atseke pakamwa.

Azakhali anandiyang'ana, masiki ali pachibwano, misozi ili mbwee.

"Mtembo mwatilanda. Lero mukutilandanso misozi?"

Ndinachita mantha, sindinama. Ndinadziwa kuti akakwiya akwera lole n'kubwerera, ndipo nkhani ikafika ku Chiuta yoti tikubisa kanthu pa imfa ya mbale wawo. Ndinafotokoza zonse ndili chigwadire: za bipi, za shuga, za bala la mumtima, za milomo ya amayi imene inada dzana lija.

Kenaka azakhali anafunsa ngati chimene chinagwetsa mlongo wawo ndi chomwecho chili mwa alamu awo. Ndinati inde. Anafunsanso kuti mlongo wawoyo anagwera pati. Ndinaloza kumtsinje.

"Tiperekeze kumeneko," anatero.

Ndinawatsogolera pakanjira kodutsa m'munda wa thonje, amayi onse a mulole muja ali pambuyo panga. Rivirivi nthawi imeneyo amakhala mchenga wokhawokha, madzi ali m'zithaphwi ndi m'zitsime zokumba. Mpiru wa bambo unali wobiriwira bwino, chitini chawo chothirira chili pomwe anachisiya. Azakhali anachinyamula, anachikumbatira, n'kuyamba kulira. Anawaitana bambo ndi dzina laubwana limene ine sindinalimvepo. Analira m'Chichewa, analira m'chinenero cha agogo athu amene anachokera ku Mozambiki, ndipo anzawo anawalandira mpaka chigwa chonse chinadzaza. Ine ndinaima pamtunda nditaluma mpango. Sindinalire, chifukwa ndinkayenera kubwerera kwa amayi ndi nkhope youma.

Atatha anasamba kumaso pachitsime cha bambo chomwecho, anamanga bwino zitenje, n'kukwera mtunda. Analowa m'nyumba ya siwa ali duu. Azakhali anagwada patsogolo pa mpando wa ndalema, anatenga mapazi otupa a amayi n'kuwaika pamiyendo pawo, kumawasisita. Amayi misozi inkangotsika yokha, koma mpweya unkayenda bwino.

Zimene zinachitika pambuyo pake mpaka lero ndimazizwa nazo. Palibe anaimanso pamsewu kuuza anthu. Aliyense wofika ankamva kwa mnzake, n'kukhotera pamlambe paja. Pofika chakumasana kanjira ka m'thonje kanali ndi mizere iwiri, wina wotsika wina wokwera. Otsika ankayenda mofulumira atagwira pakamwa, okwera ankabwera pang'onopang'ono nkhope zili zonyowa ndi madzi a pachitsime. Anatsika amayi a kutchalitchi ndi yunifolomu zawo. Anatsika anzanga a pamsika ku Ntaja, Asilamu amene kwawo salira mofuula, koma anati apite akaone pamene anagwera bambo a mnzawo. Ndinaonanso amuna akuluakulu, anzawo a bambo a m'madimba, akutsika mmodzimmodzi zipewa zili m'manja.

Pakhomo anthu anadzaza mpaka m'munda wa anansi, atakhala motalikirana monga ankatilangizira masiku amenewo. Chikhalirecho munthu unkamva nkhuni zikuthetheka kuseri ndi njiwa zikulira mumtengo wa mango. Mwana akayamba kulira, mayi ake ankanyamuka naye msanga. Ndapita pamaliro ambiri, a olemera ndi a osauka, koma khamu lotere lokhala chete chifukwa cha mtima wa munthu mmodzi sindinalionepo.

Mapemphero atatha panabuka nkhani ina. Amayi anati apita kumanda. Achimwene anakana, ine ndinakana, koma iwo anayankha motsitsa kuti munthu amene anakhala naye chiyambire utsikana sangatsanzikane naye pakhomo ngati mlendo. Wa kabaza wina wa ku Ntaja anabweretsa njinga yake ya mpando wofewa. Tinawakweza, iye anagwira mahandulo n'kumakankha wapansi, ine mbali ino azakhali mbali inayo.

Kumanda si kutali, koma tinayenda ngati tikupita ku Liwonde. Chiperoni chinali chitaleka, dzuwa likutuluka mofooka. Amayi akakweza dzanja kuti apume, njinga inkaima, onyamula bokosi ankaima, ndipo anthu onse mpaka kumapeto kwa mzere ankaima popanda wowauza. Akwaya sankatchula mawu a nyimbo, ankangoing'ung'udza kukhosi. Dzanja langa linali pamsana pa amayi ndipo mtima wawo ndinkaumva ukugunda mothamanga, nthawi zina n'kudumpha. Ukadumpha, wanganso unkaima.

Chimene ndinkachiopa kwambiri chinali dothi loyamba. Amene anaikapo mbale wake akudziwa mmene limamvekera likagwera pabokosi. Ndi pamene ngakhale olimba mtima amagwa. Koma adzukulu, anthu amene timawadziwa ndi nthabwala ndi phokoso, anali ataganiza kale. Anayala udzu wofewa pamwamba pa bokosi. Awiri anatsalira m'dzenje, anzawo n'kumawapatsira dothi m'manja, iwo n'kumaliika pansi ngati akufunditsa mwana. Makasu anawagwira bokosi litakwiririka. Amayi anaponya kadothi kawo, anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti tibwerere.

Madzulo lole ya ku Chiuta inanyamuka. Azakhali anatsala kuti agone ndi alamu awo masiku angapo, ndipo anali panja kutsuka mbale ndi anansi. M'nyumba munatsala fungo la utsi ndi maluwa, ndi malo opanda kanthu pamene panali bokosi. Ndinawamwetsa amayi mankhwala a madzulo. Ndinkadziona ngati ndagwira ntchito yaikulu, kuti tsiku lonse ndawabisira kulira konse kuja.

Pamene ndinkatenga kapu amayi anandigwira dzanja.

"Mphepo imachokera kumtsinje lero," anatero. "Ndimamva zonse. Alamu anga ndinawamva. Amayi a kutchalitchi ndinawamva. Abambo ako awalira bwino."

Iwo anapuma kaye, monga ankachitira pakati pa mawu.

"Koma mawu ako sindinawamve. Iwe amene umalirira eni ake. Pita kusanade. Ine ndikhala pompano, ndikumvera."

Ndinaitana azakhali kuti akhale nawo, ndipo ndinatsika ndekha. Kanjira ka m'thonje kanali katakula ngati msewu wa ngolo. Mchenga wonse wa padimba unali mapazi okhaokha, ndipo munthu wina anali atathirira mpiru wa bambo. Ndinagwada pachitsime paja n'kuwaitana bambo anga ndi mawu anga onse, a pamsika aja, mpaka kukhosi kunauma.

Pobwerera ndinapeza nyali itayatsidwa. Azakhali anandilozera kumpando ndi mlomo kuti ndisachite phokoso. Amayi anali atagona tulo, masaya ali onyowa, mutu utapendekera kumene bambo ankatsamira. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo n'kuyang'ana pachifuwa. Chitenje chinkakwera ndi kutsika.