Mkamwini Wojambula Phiri

A Feston ndi alamu anga. Anakwatira mlongo wanga Fainesi n'kubwera pachikamwini kwathu kuno, kufupi ndi Golomoti. Kwawo n'kumtunda, pamwamba pa phiri lomwe limatitchinga kumadzulo.

Kulima ankalima. Mpunga wawo ku Bwanje sunkachititsa manyazi. Koma anali ndi chizolowezi chimodzi. M'mawa uliwonse, asanagwire khasu, ankakhala pakhonde n'kujambula phirilo pa katoni. Luso limeneli anaonera ku Mua ali mnyamata, pomwe ankanyamulira mitengo anthu osema ziboliboli. Penti sankagula. Kufiira ankatenga ku dothi la katondo, kuda ku makala, kuyera ku phulusa, kubiriwira ku masamba osinja. Burashi yawo inali kamtengo kotafuna kunsonga.

Tsiku lina ndinawafunsa: "Alamu, phiri ndi lomweli. Simutopa nalo?"

"Ladzulo lija lapita," anatero. "Moto wadya mbali iyo. Onani."

Ndinayang'ana. Zinali zoona. Ndinapita kumunda.

Fainesi ankadandaula kuti makatoni akusunga mbewa kudenga. Ena ankakolezera moto, ena ankayalira nkhuku zoikira. A Feston sankakwiya. Ankangoti, "Mawa kuli lina."

Chaka chatha, titakolola, Fainesi anamwalira. Ana awo onse anapita ali akhanda, ndiye panalibe wowamangirira a Feston pamudzi pano. Titameta maliro, inatsala nkhani yowasudzula, kuti amasuke abwerere kwawo. Mwinimbumba ndine, choncho mawu otsiriza anali anga.

Florence, mwana wa mlongo wanga wina, ankapanikizana ndi ana ake m'kanyumba kodontha. Nyumba ya malemuyo ndi yamalata. Sindimudzudzula.

"Amalume, musawazunze bambowa," anatero Florence pamsonkhano wa mbumba. "Zaka zonsezi maso ali kwawo. Munthu angajambule kwawo tsiku ndi tsiku asakukulira? Amasuleni akapume."

Onse anavomera. Inenso ndinavomera. Tinkaona ngati tikuwachitira chifundo.

M'mawa mwake ndinapita kukawauza. Ndinawapeza pakhonde, katoni pamwendo. Pakhomo panali thumba lomanga kale, khasu atalitsamiritsa pambali.

"Alamu, Loweruka tikusudzulani. Mukapume kuphiri kwanu kuja."

"Chabwino."

"Mwakondwa?"

"Mwambo ndi mwambo."

"Sindinafunse za mwambo."

Anaika kamtengo kaja pansi. "Alamu, munakwerako kwathu pamaliro a mayi anga. Phiri munaliona?"

Ndinaganiza. Ndinakumbukira minda ya mbatata ya kachewere, mphepo yolowa m'mafupa, ndi nkhungu. Phiri sindinalikumbukire.

"Kwathu kulibe phiri," anatero. "Timangoliponda. Ndinabadwira pamenepo, ndinadyetsapo mbuzi, koma ndinadzaliona koyamba nditaima pabwalo ili, tsiku lodzafunsira mlongo wanu. Mukandibweza kumtunda, ndizikayang'ana chiyani?"

"Nanga abale anu?"

"Ondidziwa ali kumanda. Otsalawo adzandilandira, ndi anthu abwino. Adzandipatsa mphasa ndi malo pamoto."

Anatolanso kamtengo kaja, chifukwa dzuwa linali litayamba kufika pamatanthwe ndipo phulusa lawo linkauma. Sanapemphe kanthu. Akanapempha mwina ndikanapeza chowayankha.

Ndinakhala nawo mpaka anamaliza. Pochoka anandiuza kuti chaka chino mitengo ya m'khwawa yachedwa kuyoyola masamba, ndipo Fainesi akanati ndi bodza.

Loweruka anthu anasonkhana, abale awo a kumtunda analiponso. Ndinachita zonse monga mwa mwambo. Ndinanena kuti a Feston anasamala mlongo wathu mpaka kumuika, tilibe nawo mlandu, ndi omasuka. Akafuna kupita apite, akafuna kukwatira akwatire. Anthu anaseka, chifukwa alamu angawo mano anatha.

Kenako ndinati, "Nyumba atenga Florence. Chipinda choyang'ana kumadzulo ndi khonde lake n'za a Feston mpaka tsiku lawo."

Florence anadzuka. "Amalume, wosudzulidwa amakhalanso pakhomo?"

"Uyu akhala."

"Ndiye makatoni aja ndiziwatani?"

"Uzikolezera moto. Mayi ako aakulu ankatero."

Ena anang'ung'udza kuti ndapotoza mwambo. Mwina ndinapotozadi. Mkulu wa kumtunda anangopukusa mutu, koma ndinaona kuti mtima wake watsika, pakuti kwawoko minda ndi yochepa. A Feston sanathokoze pagulu. Analowa m'nyumba n'kukamasula thumba lija.

Kukhala kwawo ndi Florence sikuti n'kosalala. Amakangana za phulusa lomwe limatayikira pakhonde pozira kumene. Komabe Florence amawapatsa ndiwo, ndipo makatoni a sopo akatha pa okala yake amawasungira.

Ku Bwanje a Feston sapitanso, miyendo inakana. Kujambula sanaleke. Manja amanjenjemera, ndiye phiri lawo masiku ano limapendekeka pang'ono.

Sabata yatha ndinadutsa pakhondepo ndi thumba la mpunga woti ndikayanike.

"Lero lili bwanji, alamu?"

"Lavala mtambo kumutu. Mpungawo musayanike."

Ndinawamvera, ndinabwerera nalo thumba. Mvula sinagwe. Madzulo ndinapita kukawauza kuti andiphera tsiku.

"Ine ndimajambula phiri," anatero. "Zamvula kafunseni wailesi."